Msana Wanga ndi Nyumba ya ku Komboni

Mpaka lero sindidziwa kuti ndinalakwitsa pati penipeni. Ndafunsa anthu ambiri, ndipo aliyense amandiyankha motsimikiza ngati analimo mumsana mwangamo tsiku limenelo. Wina amati ndi mawondo, wina amati ndi khosi, wina amati ndi mizimu. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti linali Lachiwiri chakumadzulo, kuseri kwa nyumba ina ku Chipadze, dera lina la tauni ya Bindura, ndipo m'manja mwanga munali chitsulo choposa msinkhu wanga.

Koma ndiyambe ndi nyumba, chifukwa pakanapanda nyumbayo sindikanapondako n'komwe kumalo onyamulira zitsulo.

Ndinabadwira ku komboni ya mgodi, m'nyumba ya zipinda zitatu, mzere wachiwiri kuchokera pampopi. Abambo anga nawonso anabadwira m'komboni yomweyo. Agogo ndiwo anachokera ku Malawi wapansi kudzafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Sukulu zikatsekedwa anzanga Achishona ankakwera mabasi kupita kumusha, kumidzi kwawo, n'kubwerako ndi mtedza ndi nkhani zambirimbiri. Ife kumudzi kwathu kunali pomwepo pamzere wachiwiri. Nyumbayo inali ya mgodi, tonse tinkadziwa, koma amayi anadzala mtengo wa mapeyala kuseri, abambo anamanga khola la nkhuku, ndipo panalibe wokamba za mwini wake.

Abambo atapuma pantchito, kunabwera kalata. Sinali kalata yachipongwe ayi. Inangonena kuti nyumba imayendera limodzi ndi ntchito, ndipo tapatsidwa miyezi ingapo kuti tikonzeke. Koma kalaliki wa ku ofesi anawauza abambo kuti mvula isanayambe mgodi ulemba anthu atsopano, ndipo mwana wa m'nyumbamo akalembedwa, banja limakhalabe momwemo. Ana tilipo awiri, ine ndi achemwali anga amene amagulitsa kaunjika kumsika. Maso onse anali pa ine.

Ine ntchito yanga inali yokonza mafoni pakatebulo pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kwathu, m'tauni ya Bindura. Katundu wolemera kwambiri amene ndinkanyamula pa tsiku anali kapu ya tiyi. Ndinali wamtali, woonda, wa m'manja mosalala, ndipo kutchalitchi ankandikonda chifukwa ndinkadziwa kulumikiza mawaya a zokuzira mawu. Tsono anthu ofuna ntchito ya pansi pa nthaka ankayesedwa kaye thupi. Adokotala akakupima, unkanyamula thumba la mchenga lolemera ngati la simenti, kuliika paphewa, kukwera nalo masitepe, kulitsitsa, kulinyamulanso, kangapo konse, akapitawo ali chilili kukuyang'ana.

Abambo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Aziko ndaba," anatero m'Chilapalapa chawo cha pansi pa mgodi, kutanthauza kuti palibe vuto. Koma nkhope yawo inali ya munthu amene waliona vutolo.

Ndi mmene ndinapezekera ku jimu. Musaganize za magalasi ndi makina owala aja a ku Harare. Yathu inali chisakasa cha malata akale, pakati pa chingwe choyanikapo zovala ndi chimbudzi. Zitsulo zake zinali mawilo a ngolo zakale za mumgodi, magiya a malole, ndi zitini za penti zodzaza simenti, zonse zowotcheredwa kunsonga za mipiringidzo. Panalibe chitsulo cholembedwa kulemera kwake. Tinkangozisiyanitsa ndi maina. Chopepuka chinali Kamwana, chachikulu kwambiri chinali Apongozi, chifukwa munthu sankachiyandikira mwachisawawa. Ena ankanong'ona kuti wilo lakumanzere la Apongozi ndi lolemera kuposa lakumanja, koma panalibe sikelo yoti ithetse mkanganowo.

Mwini jimuyo anali mwamuna wamfupi, wa chifuwa ngati chitseko, amene masana ankawotcherera mageti. Tonse tinkangomuti kochi. Tsiku loyamba anandizungulira kawiri, n'kutsina mkono wanga, n'kuusa moyo.

"Mukoma, simudza nemakumbo, kwete nemusana," anatero m'Chishona. Nyamula ndi miyendo, osati ndi msana. Mawu amenewa ankawabwereza ngati korasi. Pinda mawondo. Bweza matako kumbuyo ngati ukufuna kukhala pampando umene palibe. Msana uwongoke, chifuwa chituluke, mpweya udzaze m'mimba, maso kutsogolo. Ankandiika mtengo wa tsache pamsana kuti aone ngati ndapindika, ndipo ndikapindika ankandigogoda nawo. Ndinkabwerera kunyumba miyendo ikunjenjemera, koma mumtima ndili wokondwa. Patatha milungu itatu malaya anayamba kundithina m'mapewa, ndipo m'tauni ndinkadutsa dala pafupi ndi magalasi a masitolo kuti ndidzione.

Vuto linayamba m'mawa wina abambo atandipeza kuseri kwa nyumba ndikuyeserera ndi ndowa ya madzi.

"Ukuchita chiyani iwe? Ukudzithandiza?"

"Ndi mmene amanyamulira, Baba. Kochi wati..."

"Kochi wakoyo anayamba walowapo pansi?" Anaika dzanja pachifuwa pawo. "Kumene ukupitako denga limafika apa. Msana wowongokawo ukauimika pati?"

Abambo anayamba ntchito ngati malayisha, anthu aja okweza miyala m'ngolo ndi fosholo, ndipo anagwira ya pansi zaka zoposa makumi atatu. Tsiku lomwelo anapempha thumba la fetereza lopanda kanthu kwa anansi, ine n'kulidzaza mchenga, sukulu yachiwiri n'kutsegulidwa. Njira yawo inali yosiyana kotheratu. Mapazi atalikirane. Werama, kumbatira katundu, mukoke kamodzi n'kamodzi ndi chiuno, usampatse mpata. Iwo sankanyamula kuti ndionere. Ankakhala pampando, ndodo ili m'manja, n'kumalamula.

"Zaka zonsezi ndanyamula chonchi," ankatero, "msana wanga sunandiwawepo ngakhale tsiku limodzi."

Ndikanatsutsa bwanji? Munthu uyu anadyetsa banja ndi msana umenewo. Koma kochi nayenso ankanyamula Apongozi akuseka. Ndinaganiza zofunsa foni kuti indiweruzire, ndipo kumeneko ndiye mutu unaima zenizeni. Ndinkakhala pakatebulo panga, foni ya kasitomala ili yotsegula ikudikira, ine ndili pa makanema. Mzungu wina wa minofu ngati ng'ombe ankati msana ukapindika pang'ono palibe kanthu. Wina ankati ukapindika wafa. Uyu ankati vala lamba, uyo ankati lamba amafooketsa. Uyu yang'ana kumwamba, mnzake yang'ana pansi. Onsewo anali ndi zifuwa zazikulu, ndipo onsewo ankalankhula ngati abusa.

Ndiye ndinachita zimene mwana woleredwa bwino amachita. Ndinkamvera amene akundiyang'ana pa nthawiyo. M'mawa ndinkanyamula thumba mwachimalayisha, madzulo chitsulo mwachikochi. Thupi langa linaphunzira zilankhulo ziwiri monga pakamwa panga, Chichewa pakhomo, Chishona panjira, ndipo ndinkaona ngati zikuyenda. Sindinaganizepo kuti aphunzitsi awiriwa angadzakumane.

Anakumana Lachiwiri lija, kutatsala masiku khumi kuti tikayesedwe. Ndinali ndikudziwongola pamene ndinaona anzanga onse asiya zitsulo n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu. Nditatembenuka ndinaona abambo pakhomo pa chisakasacho, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, ndodo m'manja. Anali atakwera kombi okha kudzaona kumene mwana wawo akuwonongedwera. Kochi anawapukutira benchi ndi malaya ake, nawatchula kuti Baba, nawafunsa za ulendo. Kenako, pofuna kuonetsa ntchito ya manja ake, anandilozera Apongozi.

Chitsulo chimenecho ndinali nditachidzutsako kawiri kokha, osachifikitsa n'komwe m'chiuno. Ndikanatha kukana. Koma abambo anali atakhala pamenepo, manja onse pandodo, ndipo chibadwire changa anali asanandionepo ndikuchita chinthu chofuna mphamvu. Ndinapaka dothi m'manja n'kuyandikira mpiringidzo.

Ndinayamba mwachikochi, poti tinali kwa kochi. Mawondo opinda, matako kumbuyo, mpweya m'mimba. Ndinakoka, mawilo n'kusiya pansi. Chitsulo chinakwera pang'onopang'ono mpaka m'munsi mwa mawondo, n'kuima pamenepo ngati chikuganiza.

"Layisha!" anakuwa abambo. "Kweza chiuno iwe! Wakhalira chiyani ngati nkhuku yofungatira?"

"Dzikisa! Dzikisa chiuno!" anakuwanso kochi, kuti nditsitse.

Kwathu bambo ako akakulankhula pamaso pa anthu, umawayang'ana ndipo umachita. Sindinaganize n'komwe. Khosi linatembenukira lokha kubenchi, chiuno chinakwera, mawondo anawongoka, chitsulo chikadali m'munsi. Ndinamva kanthu kakuti thi m'munsi mwa msana, chakumanzere, ngati ulusi waduka. Sizinawawe nthawi yomweyo. Panangotentha. Ndinataya chitsulo, ndinaimirira, ndinasekanso kumene. Koma nditawerama kuti nditole botolo langa la madzi, m'maso munada bii, ndipo ndinangopezeka ndagwada, mphuno ili pafupi ndi dothi, ndikulephera kupita kutsogolo kapena kumbuyo.

Anandigoneka pabenchi. Pamwamba panga akuluakulu awiriwo anayamba kukangana mwaulemu woopsa.

"Baba, mwana wenyu anga achigona," anatero kochi, kuti mwana wanuyu amachita bwino. "Mamuvhiringidza." Mwamusokoneza.

"Ndamusokoneza ine? Iwe ndiye wamuphunzitsa kunyamula ngati akuopa kudetsa buluku."

Wina kumbuyo anati vuto ndi wilo lakumanzere lija. Wina anati sindinapume bwino. Ine ndinkangoyang'ana mabowo a m'malata, masiku khumi aja akuzungulira m'mutu. Ulendo wa pakombi wobwerera kunyumba sindifuna kuukumbukira. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti msewu wathu uli ndi maenje ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo dalaivala sanaphonye ngakhale limodzi.

Pabedi ndinkalephera kugona, choncho anandiyalira bulangete pasimenti pabalaza. Apo ndiye madokotala anachuluka. Amayi ankandithowa ndi nsalu ya madzi otentha. Kochi anatumiza uthenga pafoni kuti ndisayerekeze kuikapo zotentha, ndiikepo madzi oundana. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati akudziwa mkulu wina wotema mphini. Amayi a kutchalitchi kwathu anabwera atatu ndi kabotolo ka mafuta, nanena kuti uwu si msana wamba, ndi mzimu wosafuna kuti banja lino lipite patsogolo, ndipo anaudzudzula mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Foni inkati ndigone osagwedezeka. Foni yomweyo, nditawerenga m'munsi pang'ono, inkati kugonako ndiye kumawonjezera.

Ine, poopa kuphonya chothandiza, ndinachita zonse kupatula mphini. M'mawa zotentha, masana zozizira, madzulo mafuta. Ndikamvako bwino sindinkadziwa woti ndimuthokoze, ululu ukabwerera sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Ndinakwiyira onse. Ndinakalipira ngakhale achemwali chifukwa choyenda mwamphamvu pasimenti, iwo n'kundiuza kuti ngati ndili ndi mphamvu zokalipa ndidzuke ndikadzitengere ndekha madzi.

Tsiku lachitatu achemwali omwewo anandiperekeza ku kiliniki. Namwino anandidina apa ndi apa, anandiuza kuti ndikweze mwendo, anafunsa ngati miyendo ikuchita dzanzi. Anati fupa lili bwino, ndi mnofu umene wakokeka kwambiri. Anandipatsa mapiritsi, nati ndiziyenda pang'onopang'ono, koma ndisanyamule chilichonse cholemera kwa milungu isanu ndi umodzi. Ndinamufotokozera za mayeso, za thumba la mchenga, za nyumba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kutseka buku.

"Mune misana mingani?" anafunsa. Muli ndi misana ingati?

Ndinamufunsanso kuti nanga pa njira ziwirizo yolondola ndi iti. Anati iye ndi namwino, sanyamula mawilo a ngolo.

Ndinabwerera pasimenti panga. Munthu ukagona pansi masiku ambiri umaiona nyumba yako mwa mtundu wina. Umaona kunsi kwa mipando, umaona mapazi a anthu. Ndinaona kuti kunsi kwa sofa kuli makatoni opindapinda amene kunalibe kale. Amayi anali atayamba kuwapempha m'masitolo mwakachetechete, osauza munthu. Pamaso panga ankati usadandaule, upola, Mulungu alipo, koma makatoniwo ankawonjezeka tsiku ndi tsiku. Ndikawayang'ana mtima unkandipweteka kuposa msana.

Chitseko cha chipinda cha makolo sichinkatsekeka bwino, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaona amayi atagwada, akuwaveka abambo masokosi ndi kuwamanga zingwe za nsapato. Izi sizinali zachilendo. Ndinakula ndikuziona, ndipo ine ndi achemwali tinkaziseka kuti ndi ulemu wachikale wa akazi a kwathu. Achemwali ankalumbira kuti iwo mwamuna sadzamumanga nsapato ngakhale atakhala bishopu.

Koma tsopano ndinali ndi nthawi yoyang'anitsitsa. Supuni itagwa pansi kuchokera patebulo, abambo sanaitole. Anaikankha ndi phazi n'kuitana amayi. Pofuna kukhala pampando ankayamba agwira khoma, n'kutsika mowongoka ngati thabwa, atagwira mpweya, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono m'mphuno. Kapumidwe kameneko ndinakazindikira. Ndi mmene ndinkapumira ine masiku amenewo ndikafuna kutembenuka. Ndinayamba kufufuza m'mutu mwanga kuti ndi liti ndinawaonapo abambo atawerama, ndipo sindinalipeze tsikulo. Ngakhale khola la nkhuku lija, ndinakumbukira kuti iwo ankakhoma matabwa a m'mwamba okha, misomali ya m'munsi ankakhoma ndi amayi.

Masana ena abambo atapita kukacheza kwa anzawo, amayi akundithowa, ndinafunsa.

"Amayi, msana wa Baba uli bwino?"

Dzanja lawo linaima. Anafinya nsalu, naiviikanso.

"Usakawafunse."

"Kuyambira liti?"

"Iwe ukadayamwa." Anandidina ndi nsalu yotentha mwamphamvu kuposa poyamba. "Ukanafuna atani? Munthu akadandaula msana ankamutumiza kwa adokotala, adokotala n'kulemba kuti sangagwirenso ya pansi. Ukanakulira kuti iweyo? Ankafika kuno akukwawa, ine n'kuwathowa chonchi, m'mawa n'kuwamanga nsalu m'chiuno mkati mwa ovolosi. Palibe anadziwa pamzere wonse uno."

Ndinagona chafufumimba, nkhope m'bulangete, nditasowa pogwira. Ndinakwiya, inde. Munthu wodziwa ululu umenewu n'kumandiphunzitsa njira yomweyo, n'kumandinamiza m'maso muli gwa! Koma mkwiyowo sunkakhazikika, chifukwa bodza lomwelo ndi limene linatisungira denga limene ndinkagona pansi pake. Mwinanso iwo sankadziwa kuti njirayo ndi imene inawapweteka. Mwina si njirayo n'komwe, mwina ndi zaka, mwina ndi miyala. Mwina pansi pa denga lofika pachifuwa palibenso njira ina. Ndinawamvera chisoni, ndinachita manyazi, ndinawanyadira, zonse nthawi imodzi, ndipo ndinalira pang'ono amayi akuganiza kuti madzi atentha kwambiri.

Pofika madzulo ndinali nditamanga mfundo. Ngati iwo anabisa zaka makumi atatu, ine ndingalephere kubisa m'mawa umodzi?

Tsiku la mayeso ndinadzuka m'mamawa. Ndinamwa mapiritsi, ndinadzimanga nsalu ya amayi m'chiuno mkati mwa malaya mpaka kupuma kunkavuta. Ndinayesa kuyenda kuchokera pabalaza kufika kukhitchini ndi kubwerera. Ndikamayenda mosathamanga, munthu sakanadziwa. Ndinatenga mapepala anga n'kutulukira khomo lakuseri.

Abambo anali atakhala pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala, atavala kale. Thumba lathu la mchenga linali pomwe tinalisiya, nkhuku zitaliipitsira pamwamba.

"Wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, Baba. Msana wapola."

"Wapola?" Analoza thumbalo ndi ndodo. "Nyamula ndione."

Ndinaika mapepala pazenera. Ndinaima pafupi ndi thumbalo, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe kuti ndiyambe ndi chiyani, mawondo kapena chiuno. Ndinangotsika mmene ndikanathera, n'kulikumbatira, n'kukoka. Linafika m'mawondo. Kenako moto unayaka kuchokera m'chiuno kutsikira m'ntchafu, manja anamasuka okha, thumba n'kugwa. Sindinakuwe. Ndinagwira mpweya, n'kuutulutsa pang'onopang'ono m'mphuno. Nditakweza maso ndinapeza abambo akundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nawonso akazindikira kapumidweko.

"Landipulumuka chabe," ndinatero, n'kuyamba kutsikanso.

Anaika ndodo yawo pathumba.

"Basi."

"Baba, kumeneko ndikalimba mtima. Ndi kangapo chabe."

"Ndati basi."

"Nanga nyumba?"

Anayang'ana khoma, anayang'ana khola, anayang'ana chakukhitchini kumene amayi ankatsuka makapu. Kenako analankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Amako atopa kumanga nsapato za munthu mmodzi. Za awiri sangathe. Kavule nsaluyo."

Ndinaima pamenepo ndikudikira kuti anene zambiri, apepese, kapena andikalipire, kapena andiuze kuti kochi ndiye amanena zoona. M'malo mwake anangochotsa ndodo yawo pathumba. Pamsewu panadutsa anzanga a mzere wathu ndi mapepala awo m'manja, akuseka, akupita ku ofesi. Mmodzi anandikuwira kuti ndifulumire. Ndinamukwezera dzanja, n'kulowa m'nyumba kukamasula nsalu.

Kulemba anthu kunatha ine ndikadayenda ngati nkhalamba. Msana unadzapola pambuyo pake, monga ananenera namwino, koma panalibenso thumba loti ndikanyamule. Achemwali anapeza zipinda ziwiri za lendi ku Chiwaridzo, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Nkhuku tinagawira anansi. Kochi ananditumizira uthenga kuti ndikapola ndibwerere, tikayambirenso ndi Kamwana. Mpaka lero sindinamuyankhe, osati chifukwa chomukwiyira, koma sindidziwa choti ndimuuze.

Tinasamuka Loweruka lina mitambo itayamba kusonkhana. Lole inaima pakhomo, ndipo amuna awiri a m'nyumbamo tinaima pambali ngati alendo. Amayi, achemwali ndi amayi anzawo a pamzere ndiwo ananyamula zonse, mabedi, kabati, sitovu, makina osokera. Ankangoti "tiyeni, tiyeni," anayi kabati imodzi, akuseka ndi kukangana za ngodya. Ndinawayang'anitsitsa mawondo ndi ziuno kuti mwina ndiphunzirepo kanthu, koma sindinaone njira iliyonse, aliyense ankanyamula mwakemwake ndipo katundu ankakwera. Abambo atagwira mpando kuti athandizeko, amayi anawalanda pamaso pa anthu onse, n'kuwapatsa mtolo wa makatani. Ine anandipatsa mapilo.

Nyumba itatsala yopanda kanthu inaoneka yaing'ono, ndipo ukalankhula mawu ankabwerera. Ndinazungulira zipinda zonse zitatu ngati ndaiwala china. Pakhoma panatsala malo oyera pomwe panali zithunzi. Abambo anakhoma chitseko okha, napereka kiyi kwa kalaliki amene anabwera kudzalandira, namugwira chanza ndi manja awiri. Pokwerera lole panali pamwamba kwambiri. Abambo anayesa kamodzi, anayesa kawiri. Ndinawapatsa mkono, koma mkono wangawo unalibe ntchito. Achemwali anabwera kumbuyo kwawo n'kuwakweza ngati mwana, mzere wonse ukuona, ndipo iwo sanakane.

Tinakhala kutsogolo ndi dalaivala, makatani pamiyendo pawo, mapilo pamiyendo panga. Tinadutsa bwalo la mpira, tinadutsa tchalitchi chimene abambo anabatizidwiramo, tinatuluka pageti la komboni. Madontho oyamba anagwa pagalasi. Abambo anawayang'ana, n'kutembenukira kwa ine ndi thupi lonse, monga amachitira.

"Watseka zenera la kuchipinda kwathu? Mvula ikachokera chakuno imalowa."

Zeneralo ndinali nditalisiya lotsegula. Munalibenso choti n'kunyowa.

"Ndatseka, Baba."

"Wachita bwino," anatero, n'kuyang'ana kutsogolo.